A Bezi ndi Masipika Ong'ung'udza

Dzina loti Bezi analipeza ali mnyamata, ndipo lawakanirira mpaka imvi. Ankaimba gitala ya bezi, ya mawu okhuthala ija, m'kagulu kena koimba m'maholo ndi m'mabala kumapeto a sabata. Malo awo anali kumbuyo, pafupi ndi chisipika chachikulu, ndipo sankavina kapena kumwetulira. Ankangogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene akuvomera mlandu. Gululo linatha kalekale. Wang'oma analowa ubusa, woimba patsogolo anapita kunja osabwerako, koma dzina lija linatsala. Ngakhale akazi awo, zikawakwana, amati "inu a Bezi".

Ntchito yawo yeniyeni inali yosindikiza mabuku. Analowa pa kampani ina ndevu zisanakhwime, nkuyamba ndi kusesa zidutswa za mapepala, kenako kuthira inki, mpaka anawapatsa makina aakulu oti aziyendetsa okha. M'chiholo cha makinawo anthu sankayankhulana pakamwa. Makina akangoyamba, wofuna sipanala ankachita kuloza ndi chala. Ankafika pakhomo zikhadabo zili bii, malaya akununkha mafuta. Ana awo atatu anaphunzira ndi ntchito imeneyi. Kampaniyo itagulidwa ndi anthu ena amene anabweretsa makina oyendera kompyuta, a Bezi anali m'gulu la anthu amene anauzidwa kuti akapume.

Kupuma sankakudziwa. Anakonza chitseko cha bafa, anapenta mpanda, anakumba ngalande kuseri kwa nyumba kuti madzi a mvula asamadikhe, kenako anamasula mpando umene sunali wothyoka nkuumanganso. Akazi awo, amene amaphunzitsa tiana pa sukulu ya mkaka, anawayang'ana tsiku lina akuyendayenda m'khitchini ndi sikuludiraiva m'manja.

"Bambo, pezani chochita musanayambe kukonza ine."

Umu ndi mmene chipinda cha mwana wawo wamkazi, amene anali atakwatiwa, chinasandukira situdiyo. Anatulutsa bedi, anakhomera matiresi akale m'makoma nkuwakuta ndi nsalu, pazenera anapachika bulangeti lochindikala, pansi anayala kapeti. Mkamwini wawo anawapatsa laputopu imene sankaigwiritsanso ntchito. Anagula mayikolofoni imodzi, kabokosi kolumikiza mayikolofoni ku kompyuta kamene amati sawundi kadi, ndi masipika awiri akuda ogwiritsidwapo kale ntchito, imodzi yopsa pang'ono pakona ndi ndudu ya mwini wake wakale. Kujambula nyimbo pa kompyuta anakuphunzira pa foni, magalasi ali pamphuno, kuonera kanema mmodzi kambirimbiri mpaka batire kutha.

Woyamba kubwera anali Wometa, amene ali ndi kashopu pakona pa msewu wawo. Wawameta a Bezi zaka zambiri, ndipo ndi munthu amene sangagwire mashini osaimba. Bambo ake, amene kale ankayendetsa malole a maulendo ataliatali, anali atagwa sitiroko. Sankayankhulanso, koma ankamva. Wometa anali atawapekera nyimbo, yonena za mmene ana ankazindikirira kulira kwa lole ya bambo awo isanakhote pamphambano, ndipo ankafuna aimve ikutuluka m'wailesi ngati nyimbo zina zonse.

Anafika m'mawa wa tsiku limene satsegula shopu, atavala malaya osita ngati kuti mayikolofoni imaona. A Bezi anayatsa masipika. M'chipinda monse munadzaza kaphokoso kotsika, mmmmm, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.

Wometa anatchera khutu. "Madala, mwaika kale bezi ndisanayambe kuimba?"

A Bezi sanaseke. Anapotoza apa, anakankha apo, koma kung'ung'udza kuja sikunasunthe. Anajambula choncho. Pomvetsera, pamene mawu akwera phokosolo linkabisala, koma Wometa akangopuma kuti akoke mpweya linkasuzumira. Pakati pa vesi yachiwiri panamvekanso kuti thi, ngati wina wathyola kamtengo.

"Zili bwino izi," anatero Wometa. "Bambo anga sazindikira zimenezo."

"Ndazindikira ine. Kuntchito tsamba likatuluka ndi kadontho ka inki pankhope ya munthu sitinkalitumiza. Mundipatse masiku, achimwene."

Ku makina osindikiza anaphunzirako chinthu chimodzi chimene sanachiiwale: makina akayamba kuvuta, sumagwira paliponse nthawi imodzi. Umachotsa chinthu chimodzi, nkumvetsera, kenako china. Choncho m'mawa mwake, akazi awo atapita kuntchito, anazula mawaya onse nkusiya masipika okha ali ku magetsi. Kunali zii, kupatula kampweya kapansipansi kamene unkakamva ukagunditsa khutu. Analumikiza sawundi kadi. Zii. Analumikiza laputopu ikuyendera batire. Ziibe. Atangolowetsa chaja ya laputopu pakhoma, njuchi ija inabwerera, ndipo ulendo uno anamvanso kena: akasuntha mawusi, masipika ankalira tsiii, tsiii, kutsatira dzanja lawo.

Chaja ija siinali yobwera ndi laputopu. Inali yopepuka ngati bokosi la machesi ndipo inkatentha msanga. Anakwera basi kupita m'tauni, nkuyenda shopu ndi shopu ali ndi laputopu m'chikwama, mpaka anapeza yolemera bwino. Atafika nayo, tsiii uja anatha. Kung'ung'udza kunatsala.

Anagwada pansi pa tebulo ndi tochi, mawondo akudandaula. Zimene anaona zinawachititsa manyazi. Mawaya a mawu ndi mawaya a magetsi anali atapotana ngati mizu, ena atawakulunga okha pamodzi ndi labala kuti pazioneka paukhondo. Sipika yakumanja inkatenga magetsi pa soketi ya pansi pa zenera. Yakumanzere ndi laputopu zinkatenga pa ekistenshoni yochokera m'kolido, pa soketi yomweyo imene pali firiji. Anali atawerenga pa foni kuti zipangizo zolumikizana zikamadya magetsi m'masoketi osiyana, magetsi amapeza kanjira kozungulira kudzera m'mawaya a mawu, ndiye sipika imakaimba kanjirako. Anazula zonse nkuziika pa ekistenshoni imodzi. Mawaya a mawu anawadutsitsa mbali ina ya tebulo, a magetsi mbali ina, ndipo pamene sakanachitira mwina anawapingasitsa mmalo mowagoneka limodzi. Mawaya opyapyala a ku masipika anawataya nkugula ochindikala, a mitsempha itatu m'kati, amene satola phokoso m'njira.

Phokoso linatsika kwambiri, koma silinathe. Thi uja anamugwira masana ena atasiya chitseko chotsegula: firiji ikamadzuka m'kolido, masipika ankayankha. Panalinso china chimene sichinawasangalatse. Akagwira chitsulo cha sawundi kadi ndi chala, kung'ung'udza kunkasintha mawu. Ndipo tsiku lina poyesa mayikolofoni, mlomo wawo utakhudza kansefa kake, anamva kuti nyeng'u, ngati waluma nyerere.

Mnzawo wina wa m'gulu lakale lija anawauza pa foni kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. "Thyolani kamwendo kachitatu ka pulagi, kakatali kaja. Ife tinkatero m'maholo, phokoso nkutheratu."

A Bezi anali atagwira kale pulayazi pamene alamu awo, mchimwene wa akazi awo, anatulukira pakhomo. Alamuwa ndi a zamagetsi, munthu wamfupi, wosachedwa kuseka, amene amayenda ndi tesita yoyesera magetsi m'thumba la malaya ngati cholembera. Anabwera kudzaona mlongo wawo, koma anangoima pachitseko cha situdiyo nkuyang'ana pulayazi, kenako pulagi.

"Alamu, mlongo wanga wakulakwirani chiyani kuti mumusiye wamasiye?"

"Ndikungofuna phokoso lithe."

"Litha ndithu. Inunso mutha. Kamwendo kameneko ndi kamene kamathawitsira magetsi m'nthaka chinthu chikaonongeka m'kati. Mukakachotsa, njira yotsala ndi mlomo wa woimba wanuyo."

A Bezi atawauza za nyerere ija, alamu anasiya kuseka. Anatulutsa mita m'chikwama, anayeza soketi ya m'situdiyo, ya m'kolido, ya m'khitchini, akupukusa mutu paliponse. Kenako anatuluka panja nkutsatira khoma mpaka kuseri. Waya wobiriwira wochokera pa bolodi la magetsi unkatsika ndi khoma, nkulowa m'nthaka pang'ono, nkuthera pomwepo. Unali wodulidwa bwinobwino, ngati ndi khasu. Chidutswa chinacho anachipeza tsidya lina la ngalande.

Akazi a Bezi anali ataima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno.

"Ngalande ija," anatero.

Loweruka lotsatira amuna awiriwa anakhomera ndodo yatsopano ya kopa, yothawitsira magetsi, m'nthaka, akulandirana hamala, alamu akuwerengera mlamu wawo zaka nthawi iliyonse akaphonya. Analumikiza waya uja, ndipo alamu anakokera situdiyo mzere wakewake kuchokera pa bolodi, kuti isamadyere mbale imodzi ndi firiji. Atayatsa masipika, alamu anagunditsa khutu, nkuwongoka.

"Ndalephera kudziwa ngati ndi oyaka. Muitaneni wometa wanu."

Koma alamu atapita, a Bezi anatseka chitseko, nkukhala pampando pakati pa masipika awiri, ndipo anamva china. Sikunali kung'ung'udza. Kanali kamluzu kowonda, kapamwamba kwambiri, kosadukiza, kochokera kumanzere.

Anayambiranso. Anasinthanitsa masipika, yakumanja kupita kumanzere, koma kamluzu kanatsalabe kumanzere. Ndiye vuto si sipika, anaganiza, ndi china cha mbali imeneyo ya chipinda. Anachotsa babu nkuika la mtundu wina. Foni anakaisiya kuchipinda chogona. Kabokosi ka intaneti anakasamutsira pabalaza, mpaka akazi awo anadandaula kuti pa tebulo la maluwa pakuphethira timagetsi. Anakagogoda kwa aneba kufunsa ngati aika chipangizo chatsopano kukhoma loyang'anana ndi situdiyo. Anamasula sipika yopsa pakona ija nkuyang'ana m'kati ndi tochi, osadziwa chimene akufuna, nkuitsekanso.

Wometa anabwera madzulo ena atatseka shopu, ubweya wa anthu udakali pa nsapato. Sanakhale pansi.

"Madala, sindikukukakamizani. Koma bambo ayamba kugona kwambiri. Dzulo ndawayankhula, anangotsegula diso limodzi."

"Katsala kamodzi kokha. Imvani nokha."

Wometa anaima pakati pa chipinda, mutu ataupendeketsa. Anayang'ana masipika, kenako a Bezi.

"Mwina makutu anga ndi a mashini ometera," anatero mwaulemu. "Ine ndibwera tsiku limene mundiitane."

Lamlungu masana, msewu uli phee, a Bezi anaganiza zothetsa nkhaniyo. Anauza akazi awo kuti azimitsa magetsi a nyumba yonse kwa kanthawi, ndipo akatero aziyatsa mzere umodziumodzi mpaka wolakwayo adziulule. Anagwetsa switchi yaikulu pa bolodi. Firiji inatsokomola nkukhala chete. Analowa m'situdiyo, nkutseka chitseko. Masipika anali ozima, laputopu yotseka, babu lakuda.

Kamluzu kanali pomwepo.

Anaitana akazi awo. "Mayi, talowani. Khalani apa. Mukumva chiyani?"

Mayiwo anakhala, nkutseka maso, chifukwa ndi munthu amene akafunsidwa chinthu amachichita mokwanira. "Ndikumva nkhunda za aneba. Ndi mimba yanu."

"Kamluzu. Kumanzereku."

"Kulibe kamluzu, bambo."

A Bezi anatuluka m'chipindamo, kudutsa m'kolido, mpaka panja. Kamluzu kanatuluka nawo. Anayenda mpaka kumpanda, anatembenuka, ndipo kumanzere kwawo kutakhala kumene kunali kumanja, kamluzuko kanatembenuka nawo. Anatseka makutu onse awiri ndi zikhatho. Kanakula.

Akazi awo anawapeza atakhala pa njerwa pafupi ndi ndodo ya kopa ija. Anakayatsa okha magetsi kuti za m'firiji zisaonongeke, nkubwera kudzakhala pa njerwa ina.

Dokotala wa makutu anali mayi wachikulire woyankhula pang'onopang'ono. Anawaveka mahedifoni m'kachipinda kotsekedwa bwino kuposa situdiyo yawo, nkuwapatsa kabatani koti azidina akamva kulira. Poyamba ankadina msanga. Kenako panali nthawi zina zimene ankaona dokotala akuwayang'ana kudzera pagalasi, akudikira, iwo osamva kanthu. Atatha anawafunsa ntchito imene ankagwira, ndipo atamva za makina ndi za chisipika cha m'mabala, anangogwedeza mutu.

"Mawu owonda, apamwamba kwambiri, khutu lakumanzere linasiya kuwalandira, lakumanja layambapo. Kamluzuko kakuchokera m'khutu momwemo. Mwina mwakhala nako zaka, koma simunakhalepo pamalo achete. Mwamanga chipinda chopanda phokoso, mwachotsa kung'ung'udza kumene kunkakaphimba, ndiye katsala kokha."

"Kamachoka?"

"Kwa ambiri sikachoka. Munthu amakazolowera, nkumakaiwala nthawi zina. Chimene tingachite ndi kuteteza zimene zatsala. Mawu azikhala otsika, muzipumira, ndipo mahedifoni musamakhalitse nawo."

Atafika kunyumba anafunditsa masipika nsalu ya patebulo, nkutseka chitseko cha situdiyo. Masiku otsatira anakhala pakhonde, osakonza chilichonse, ndipo zimenezi zinawaopsa akazi awo kuposa sikuludiraiva ija. Chimene chinkawadya a Bezi sichinali kamluzu kokha. Ngati khutu limawonjezera zimene kulibe nkuchotsa zimene zilipo, munthu angadziwe bwanji kuti ntchito yake yatuluka bwino? Anaganizapo zomuuza Wometa kuti akafune situdiyo ina m'tauni. Anafika mpaka pakona, anamuona kudzera pazenera la shopu akumeta mwana wolira, osaimba, ndipo anabwerera asanalowe.

M'mawa mwake anavundukula masipika. Anaimika mayikolofoni pakati pa chipinda, nkujambula chete kwa kanthawi, iwo ataima ngati mtengo. Pa kompyuta mawu amaoneka ngati mzere wa mafunde. Anaukulitsa mzerewo mpaka pamapeto. Unali wowongoka, wongonjenjemera pang'ono kwambiri. Anatsegula zimene anajambula tsiku loyamba lija nkuyerekeza: uko mafunde a kung'ung'udza ankaoneka ndi maso, ndipo thi wa firiji anali ataima ngati msomali. Anapezanso pa pulogalamu yawo kawindo koonetsa mawu okhuthala kumanzere ndi owonda apamwamba kumanja. Kumanja kwenikweni, kumene khutu lawo silifikako, kunalibe kanthu. Chipinda chinali choyera.

Akazi awo atabwera kuntchito anawapeza akuwadikira pakhomo.

"Mayi, ndikufuna kukulembani ntchito."

"Ndili nayo kale."

"Iyi ndi ya makutu. Inu mumadziwa mwana amene akulira m'kalasi ina musanamuone. Maso andithandiza mbali ina, koma maso sadziwa ngati mawu akulasa m'khutu kapena ayi. Muzikhala nane. Mukamva cholakwika muzinena."

"Ndikanena muzimva?"

"Za m'situdiyo, inde."

Wometa anabwera Loweruka. Mayi anakhala pampando wapakati, pamene masipika onse awiri amakumana, a Bezi pambali pa laputopu, mawu atawatsitsa mpaka munthu kutha kuyankhula osakweza. Wometa anaimba kawiri, kachitatu mawu anamuthawa pa mzere wonena za kulira kwa lole, ndipo anatuluka panja kukaima pang'ono. Atabwera anaimba yonse osapuma molakwika. A Bezi anaikamo bezi yawo, koyamba kuigwira patapita zaka, zala zikuwawa. Posakaniza mawu ndi bezi pa kompyuta, anakweza mawu apamwamba mpaka anawamva bwino.

"Tsitsani," anatero akazi awo. "Akamati 'sss' zikubaya ngati singano."

"Kwa ine zili bwinobwino."

"Ndiye mwandiitanira chiyani?"

Anatsitsa. Mayi anati atsitsenso. Anatsitsanso, akung'ung'udza okha tsopano, mpaka mayiwo anakweza dzanja kuti basi.

Wometa anakaiika nyimboyo m'kawailesi ka pambali pa bedi la bambo ake. Anadzawafotokozera a Bezi akuwameta sabata yotsatira, mashini atawazimitsa kaye. Anati mkuluyo anamvetsera maso ali otseka mpaka kumapeto, ndipo nyimbo itatha anasuntha dzanja lake labwino lija, nkugogoda kawailesi ndi chala. Mlongo wa Wometa ankaganiza kuti akufuna kazimitsidwe. Atakazimitsa, mkuluyo anagogodanso, mwamphamvu. Anaibwereza masana onse. Mkuluyo anakhalabe ndi moyo miyezi ingapo, ndipo anthu a m'nyumbamo anafika poidziwa nyimboyo pamtima, ngakhale amene sankaifuna.

Panopa ku situdiyo kwa a Bezi kumabwera anthu, osati ambiri, koma sikukhala sabata yopanda munthu. Kunabwera gulu la anamwino oimba kwaya, amene anadzaza chipinda mpaka ena kuimira m'kolido. Kumabwera anyamata a nyimbo zothamanga, amene amadabwa kuti mwini situdiyo amakana kukweza mawu ndipo amawatulutsa panja kukapuma nyimbo ili pakati. Wina akadandaula, a Bezi amamuuza nkhani ya khutu lawo mosabisa, ndi mawu ochepa. Ena amamva, ena amaseka. Kusakaniza kumachitika madzulo okha, mayi akaweruka, ndipo palibe nyimbo imatuluka pakhomopo iwo asanavomere. Kamluzu kalipobe. Amati masiku ena amakaiwala mpaka wina atawafunsa.

Posachedwapa anayamba kuphunzira kuwotcherera mawaya okha, chifukwa ogula amaduka msanga pakhosi pa pulagi. Alamu anawabwereka kachitsulo kowotcherera, nkuwaonetsa kamodzi. Waya woyamba anaulumikiza mopingasa, wachiwiri anadziwotcha nawo chala. Masana ena anali pakhonde ndi wachitatu, magalasi pamphuno, chala chokulunga pulasitala, akuuzira utsi kuti aone bwino pamene akulumikiza.